Ndibweze mayileji a Hilux yanga ndisanaigulitse?

A Phiri a Tomato: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru, koma chonde musandiseke. Hilux yanga ija, D-4D ya 2008 single cab, ndaganiza zoigulitsa. Msana wayamba kukana maulendo a ku Mutoko, komanso mwana wanga wachiwiri akufunika fizi ya ku koleji. Chikundivuta ndi wotchi ya mayileji, ikuwerenga makilomita 412,000. Abwera anthu atatu kudzaiona. Akailiza amaikonda, koma akangosuzumira pa dashibodi nkhope zimagwa. Wina anachita kundifunsa ngati inali kombi. Dzulo ku msewu wa Kaguvi, kuja amagulitsa masipeya, mnyamata wina wandiuza kuti ndi madola 30 okha akhoza kuibweza ifike pa 180,000, ndipo akuti mtengo ukwera ndi madola 2,000, makamaka pano alimi a fodya ayamba kulandira. Galimotoyi ndaisamala ngati mwana. Chaka chatha ndinaika ma injector atsopano, turbo, kilatchi ndi mashoko. Imayenda bwino kuposa zambiri za 180,000 zenizenizo. Ndiye ndikabweza ndalakwira ndani?

Achimwene a Ex-Jap (ogulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan): Bwezani mdala, musadzivutitse. Mu Harare muno galimoto ya mayileji oona muipeza kuti? Pitani pa car sale iliyonse, ya zaka 12 ikuwerenga 78,000, inayandikana nayo 81,000, ngati eni ake onse ankangopita nazo kutchalitchi. Wogula aliyense amadziwa kale zimenezi, ndipo akaona 180,000 mumtima amawonjezera yekha. Inu mukalemba 412,000 iye awonjezeranso, aganiza kuti ndi 600,000. Mukhala mwadzilanga nokha chifukwa cha chilungamo chimene palibe amene akuchikhulupirira.

Nabanda wa ku Mufakose: Achimwene, mawu amenewo mukulankhula pagulu la anthu akwanu? Ndiye ija munkafuna kugulitsa kwa mlongo wanga inalinso yotero?

Achimwene a Ex-Jap: Ija inabwera choncho kuchokera ku Durban achemwali, ine sindinaigwire 😂

A Mwale Makaniko (Gazaland): A Phiri, galimoto imeneyo ndimaidziwa kuposa inu eni ake, ndiye ndiloleni ndiyankhule za zitsulo zokha, za machimo ndisiyira ena. Injini yanuyo ndi 2KD. Ili ndi lamba wa timing, si tcheni ngati ma Hilux atsopanowa a GD-6. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 150,000 aliwonse, n'chifukwa chake pa dashibodi pali kalampu kolembedwa T-BELT. Tinasintha limodzi wotchi ili pa 300,000. Ndiye kuti wayenda kale 112,000, watsala ndi 38,000 basi.

Tsopano mwabweza, yafika pa 180,000. Wogula awerenga bwanji? Aganiza kuti lamba anasinthidwa pa 150,000 posachedwapa, ndipo adikira mpaka wotchi ifike 300,000. Amenewo ndi makilomita ena 120,000. Lamba wopangidwira 150,000 mukumupempha ayende 232,000. Tsiku lina adzaduka, mwina pa chitunda galimoto itasenza mabelo, ndipo pa injini imeneyi lamba akaduka mapisitoni amamenya mavavu. Si nkhani yosintha lamba n'kumapita ayi, ndi yotsitsa cylinder head, pena injini yonse. Madola 2,000 mwapindulawo ndi omwe munthuyo adzandipatse ine.

Ndipo si lamba yekha. Ma ball joint, ma bearing, mafuta a giyabokosi ndi a difu, zonsezi ife timayang'ana wotchi kuti tidziwe chimene chayandikira kutha. Wotchi ija ili ngati khadi la kusikelo la mwana. Mukalisintha, adokotala apereka mankhwala olakwika.

A Phiri a Tomato: Nanga ndikasintha lambayo kaye kenako n'kubweza? Pamenepo palibe amene avulale.

A Mwale Makaniko (Gazaland): Lamba mwasintha. Nanga chassis yomwe yasenza mabokosi a tomato zaka 10 pa msewu wa Nyamapanda muisinthanso? Ngati mukukhulupirira kuti galimotoyo ndi yabwino, bwanji mukufuna wogula asadziwe msinkhu wake?

Nabanda wa ku Mufakose: Ine ndiyankhule monga munthu amene zinamuonekera. Bambo a kunyumba atamwalira, ndalama zawo za penshoni ndinati ndisadye, ndigule pikapu izinditengera katundu ku Mbare komanso kuchita hayala. Ndinapeza Nissan Hardbody pa car sale ina m'tauni, yoyera bwino, mipando atavindikira ndi nsalu zatsopano, wotchi 134,000. Ndinapita ndekha, makaniko sindinatenge poopa kumulipira. Safunsa anadya phula. Patangotha miyezi inayi inayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo ngati munthu wa ludzu. Makaniko atavula nsalu ya mpando wa dalaivala tinapeza siponji yatha mpaka zitsulo kuoneka. Pansi pa kapeti panali kapepala ka sevisi ka ku South Africa kolembedwa 371,000, ka zaka ziwiri m'mbuyo. Nditabwerera kumene ndinagula anangondionetsa pepala lomwe ndinasaina, pali liwu loti voetstoots, akuti ndiye kuti ndinagula mmene ilili. Galimoto ija inakhala pa njerwa chaka chathunthu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndinadzaigulitsa ngati masipeya.

A Phiri, amene anabweza wotchi ija sanandione nkhope. Mwina nayenso anali ndi mwana wofuna fizi. Koma fizi imeneyo inalipiridwa ndi penshoni ya malemu amuna anga.

Agogo a ku Mabvuku: Pepani mayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chisomo wa Malamulo: Moni makolo anga nonse. Ine ndi mwana pagulu pano koma ndimagwira ntchito ku ofesi ya maloya, ndiye ndiponyepo mawu pang'ono. Amayi a Nabanda, anakunamizani kachiwiri. Voetstoots imateteza wogulitsa pa zilema zimene iye sankazidziwa. Siiteteza munthu amene ankadziwa chilema n'kuchibisa dala, kapena amene wanena bodza kuti malonda atheke. Mukanatha kusonyeza kuti ankadziwa za mayilejiwo, khoti likanatha kulamula kuti akubwezereni ndalama inu mubweze galimoto, kapena akubwezereni gawo la mtengo. Povuta ndi pa umboni pomwepo, chifukwa aliyense amati inabwera choncho, monga achimwene anenera pamwambapa.

Amalume a Phiri, kwa inu nkhani ndi yosiyana, chifukwa inu mukudziwa, ndipo mwalemba nokha pagulu la anthu oposa 100. Sipafunika lamulo lotchula wotchi ya galimoto kuti munthu amangidwe. Gawo 136 la Criminal Law (Codification and Reform) Act limanena za chinyengo: kuonetsa munthu chinthu chabodza n'cholinga choti akhulupirire ndi kuchitapo kanthu komuluzitsa. Bodzalo silichita kutuluka pakamwa pokha, nambala ya pa dashibodi imene mwaisintha dala ikulankhula m'malo mwanu. Chilango chake chikhoza kukhala chindapusa chofika kuwirikiza kawiri mtengo wa zomwe mwapeza, kapena ndende, ndipo malire ake apamwamba ndi zaka 35. Sindikunena kuti pa pikapu imodzi angakupatseni zaka zonsezo ayi, koma muone kuti boma nkhaniyi siliyesa yamasewera. Ndipo mlandu umakhalapo ngakhale wogulayo atazindikira msanga asanaluze kanthu. Mnyamata wa madola 30 uja nayenso alowa nawo, chifukwa akudziwa chimene mukubwezera.

Kwa amene kugulitsa magalimoto ndi bizinesi yawo palinso Consumer Protection Act ya 2019, yoletsa kunamiza ogula za katundu.

Achimwene a Ex-Jap: Iwe Chisomo, za m'mabuku tazimva. Tanditchulire munthu mmodzi amene uli naye umboni kuti ali kundende ya Chikurubi chifukwa cha mayileji.

Chisomo wa Malamulo: Achimwene, funso la amalume silinali loti agwidwa kapena ayi. Afunsa kuti alakwira ndani.

Achimwene a Ex-Jap: Chabwino. Koma tiyeni tinene zoona zonse. Ogula nawonso ndi amene amayambitsa. Munthu akubwera ndi madola 6,000 akufuna double cab ya mayileji osafika 100,000. Ukamuonetsa yabwino ya 250,000 yokhala ndi buku la sevisi lodzaza, akuthawa, akukagula yobwezedwa kwa mnzako wa pafupi. Ine ndinayesapo chilungamo miyezi itatu, lendi ya pa yadi inatsala pang'ono kundithamangitsa. Kuyambira 2021 boma linayamba kuletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10, ndiye chaka sungachinamize pa boda ya Beitbridge, chili pa mapepala. Chotsala chokopera wogula ndi wotchi. Ndipo pikapu ya dizilo yoyenda maulendo aatali pa tala, 300,000 si kanthu. Yoipa ndi ya 90,000 yomwe yakhala ikudumpha mabampu ku mgodi. Nambala ija siinena zonse.

A Mwale Makaniko (Gazaland): Apo pokha ndikuvomerezani. Ndaonapo Isuzu KB ya pafupifupi theka la miliyoni injini isanatsegulidwepo, ndaonaponso Ranger yofa isanafike 150,000 chifukwa cha dizilo wa m'zigubu. Nambala siinena zonse. Koma mankhwala ake ndi kumufotokozera wogula, osati kumusankhira nambala imene inu mukuona kuti ikuyenera galimotoyo.

Alamu a ku Leeds: Ndalowa mochedwa, ndinali ku shifiti ya usiku. Kwa amene mukugula mapikapu ochokera kuno ku UK, ma Navara, ma Ranger ndi ma L200 amene adzaza mu Harare, musagule musanapemphe nambala yake yakale ya kuno. Galimoto ikakwana zaka zitatu imayesedwa chaka chilichonse, amati MOT, ndipo tsiku loyesalo amalemba mayileji. Mbiri yonseyo ili pa intaneti pa tsamba la boma, aliyense amaona ulere, ngakhale muli ku Dzivarasekwa. Mukaona 2019 inali pa 120,000 koma lero ili pa 85,000, mwadziwa kale. Wogulitsa akakana kupereka nambalayo, nyamukani.

Chachiwiri, kuno timawerenga mamailosi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Ndiye wotchi ikamati 100,000, ndi makilomita pafupifupi 161,000. Ena sagwira n'komwe wotchi, amangolemba pa Facebook kuti 100,000 km, inu n'kusangalala.

Achimwene a Ex-Jap: Za ku Japan nazonso zili ndi pogwirira, ndinene ndisaoneke ngati satana wa pagulu. Export certificate imasonyeza mayileji amene analembedwa pa kuyesedwa kwa galimoto komweko, pamodzi ndi madeti ake. Pa auction sheet akaika kanyenyezi pafupi ndi nambala ndiye kuti a okushoniwo akuikayikira wotchiyo. Koma ndani amafunsa mapepala amenewa? Pa ogula khumi mwina mmodzi, ndipo amakhala mphunzitsi.

Mayi Tembo (mphunzitsi, Tafara): Tikumva achimwene 😂 Ine funso langa ndi lina. Mazda B2500 yathu, ija ya ku fakitale ya Willowvale, wotchi inafa ili pa 290,000. Tinagula cluster ina, bokosi lonse la mawotchi a pa dashibodi, ku msika wa Magaba yochokera m'galimoto yangozi, ikuwerenga 205,000. Sitinafune kunamiza munthu, tinkangofuna sipidomita yogwira ntchito. Ndiye ifenso ndife akuba?

Chisomo wa Malamulo: Ayi amayi, kusintha chitsulo chakufa si mlandu. Mlandu umayamba tsiku logulitsa, mukangokhala chete n'kumusiya wogula akhulupirire 205,000. Lembani penapake deti lomwe munasintha, nambala ya wotchi yakale ndi ya yatsopano, sungani lisiti, ndipo podzagulitsa mudzazilembe mu agreement of sale. Ku America lamulo lawo limachita kunena kuti wotchi ikasinthidwa ndipo siingathe kuikidwa pa nambala yakale, aiyambitse pa ziro ndi kumata chizindikiro pa felemu ya chitseko cha dalaivala chonena mayileji akale ndi deti. Nzeru imeneyo munthu akhoza kuitengera ngakhale kuno.

A Mwale Makaniko (Gazaland): Ine ndimalemba ndi penti kuseri kwa boneti. Pepala limatayika.

Agogo a ku Mabvuku: Ana anga, ine ndinabwera m'dziko muno kudzera ku Tete ndili mnyamata, ndagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Mvurwi zaka zambiri ndisanabwere m'tauni. Kunali anthu ochenjera ankaika fodya wabwino kunja kwa belo, m'kati zinyalala, ena mpaka kuwaza madzi kuti belo lilemere. Ku okushoni belo lotero likagwidwa silinkangobwezedwa lokha, mabelo onse a nambala imeneyo ankayamba kukayikiridwa. Kumudzi kwathu ku Dedza mavenda a chimanga ankabwera ndi ndowa yomenyedwa pansi kuti izilowa zambiri. Onsewa ankanena mawu amodzimodzi amene ndawamva lero, akuti aliyense akutero.

A Phiri, ndikufunseni. Mlimi wa fodya amene mukumudikirayo ndi ndani? Ku Karoi, ku Mvurwi, ku Bindura, amene anapatsidwa kamunda kapena akulima pa kontirakiti, ambiri ndi ana a anthu amene tinabwera nawo. Ndi a Banda, a Mwale, a Phiri anzanu. Mudzakumana naye pa maliro, galimoto yanu ili pa njerwa kwawo. Ife kuno ndife alendo ngakhale tabereka zidzukulu, chuma chathu chachikulu ndi choti anthu amati aManyasarandi, ife ochokera ku Malawi, ndi okhulupirika pa ntchito. Dzina limenelo analipanga ndi makolo anu ndi thukuta, inu mukufuna kuligulitsa madola 2,000.

A Phiri a Tomato: Agogo mwandilasa. Koma ndinene chimene chikundiwawa. Inenso galimotoyi ndinaigula 2015 ikuwerenga 160,000, ndipo mpaka lero ndimakayika ngati inali yoona. Ngati anandibera ine, ndiluze kawiri? Pogula ndiluze, pogulitsanso ndiluze?

A Mwale Makaniko (Gazaland): Mukukayika chiyani a Phiri, poti ndinakuuzani? Tsiku loyamba kubwera nayo kwa ine, pa chivindikiro cha lamba panali sitika ya galaja ya ku South Africa, yolembedwa kuti lamba anasinthidwa pa 298,000. Ndinakuitanani kuti mudzaone. Munati a Mwale musandidwalitse mutu, ndagula kale.

Mayi Tembo (mphunzitsi, Tafara): Mayo ine 🙆🏾‍♀️

Achimwene a Ex-Jap: Hahaha ndiye kuti 412,000 yomwe tikuitetezayi ndi yabodza kale! Yoona ili cha ku 550,000. Ndiye a chilungamo, mdalayu alembe nambala iti? Kapena apite kwa mnyamata uja akaikweze?

Nabanda wa ku Mufakose: Musaseke achimwene, mwaona nokha mmene zimayendera. Wina anabweza, a Phiri anagula modula. A Phiri akabwezanso, galimoto ya 550,000 isanduka ya 180,000. Wotsatirayo akadzabwezanso idzakhala yatsopano ya m'sitolo, chikhalirecho ndi nkhalamba.

Chisomo wa Malamulo: Funso la achimwene ndi labwino ngakhale alifunsa moseka. Amalume, wotchi musaigwire, kukweza kapena kutsitsa. Koma poti tsopano mukudziwa za sitika ija, simunganenenso kuti 412,000 ndi mayileji enieni. Mu agreement of sale mulembe kuti wotchi ikuwerenga 412,000, kuti inu mwayendetsa 252,000 kuchokera 2015, ndiponso kuti pali chizindikiro choti inali itayenda kuposa zomwe inkaonetsa pamene munkaigula. Wogula asaine pamenepo. Mukatero palibe amene angadzakutengereni kukhoti, ndipo voetstoots yanu idzagwira ntchito yake yeniyeni.

A Phiri a Tomato: Mwana iwe ukufuna ndiigulitse mtengo wa njinga.

A Mwale Makaniko (Gazaland): Ayi. Pali ogula amitundu iwiri. Wina amagula dashibodi, wina amagula galimoto. Wachiwiriyo amayang'ana labala wa pa kilatchi ndi buleki mmene wadyekera, chiwongolero mmene chasalalira, mpando mmene wafwifwira, manambala anayi a pa tayala osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Amatsegula chotsekera oyilo injini ikulira kuti aone ngati ikupuma utsi. Pa magalimoto atsopanowa amabweretsa makina, chifukwa ena amasunga mayileji m'makompyuta ena osati pa dashibodi pokha. Munthu wotero akaona 180,000 pa Hilux yanu ija, ndi chiwongolero chonyezimira ngati mpini wa khasu, athawa osatsanzika, chifukwa aganiza kuti mwabisanso zina. Koma mukamuonetsa 412,000 ndi malisiti a ma injector ndi turbo, akhala pansi mukambirane. Malisiti aja muli nawo?

A Phiri a Tomato: Ali m'chikwama cha mayi a kunyumba, sataya pepala amenewo. Ngakhale la batire la 2017 lilipo.

Alamu a ku Leeds: Ndiye mayiwo ndi amene akweze mtengo wa galimoto, osati mnyamata wa ku Kaguvi.

Achimwene a Ex-Jap: Ine ndanena zanga. Mudzaona nokha, ikhala pa Marketplace mpaka fodya atatha. Mukatopa mundiimbire, ndidzaigula ine.

Nabanda wa ku Mufakose: Kuti mukaibweze inuyo?

Achimwene a Ex-Jap: Achemwali mwandikonda lero.

Admin: Tikumbutsane abale, nambala za anthu obweza mawotchi musaponye pagulu pano, ndafufuta imodzi. Komanso amene simunapereke za chipukuta misozi cha ku Epworth, EcoCash ikadali yotsegula mpaka Lachisanu.

Mayi Tembo (mphunzitsi, Tafara): A Phiri, mchimwene wanga wa ku Karoi wagulitsa mabelo ake oyamba sabata yatha ndipo akufuna single cab yotutira nkhuni ndi feteleza. Ndamutumizira zonse zakambidwa pano, ndi za sitika zomwe. Akuti 550,000 siikumuopsa ngati chassis ilibe ming'alu, koma lamba musinthe inu musanamupatse, ndipo pa mtengo muchotsepo. Angabwere Loweruka.

A Phiri a Tomato: Achotsepo zingati?

Mayi Tembo (mphunzitsi, Tafara): Zimenezo mukakambirane amuna nokhanokha, ine ndangolumikiza.

A Mwale Makaniko (Gazaland): Bwerani nayo ku Gazaland 9 koloko, tikaikweze pa jeke aone pansi ndi maso ake. A Phiri, lamba mugule wa Toyota weniweni pamodzi ndi tensioner yake, osati wa pa tebulo. Ndipo musaitsuke injini, ndikufuna mlimiyo aone pamene ikudontha.

A Phiri a Tomato: Siidontha.

A Mwale Makaniko (Gazaland): Imadontha pa silo ya kumbuyo, ndinakuuzaninso chaka chatha.